Mwana Wobwereka wa ku Zikhomo

Linali Lachinayi lomaliza la mwezi wa Julayi, nthawi ya naini koloko m'mawa, pamene amayi a Tcheya, akazi a wapampando wathu wa chipani, anabwera kudzabwereka mwana wanga. Wotchi ndinalibe, koma wailesi ya pagolosale inali itangotchula kumene nthawiyo, ndipo mawu ake ankafika mpaka kwathu.

Sananene odi. Anthu a ku Layini Yoyamba akabwera kwathu Kuseri sankanena odi, ankangotsokomola. Nditamva chifuwa chawo ndinatuluka n'kugwada pakhomo.

"Mtsikana iwe, mwana uja wamusambitsa?"

"Eya, amayi."

"Ndikumufuna kwa ola limodzi lokha. Alendo akangodutsa, ndikubwezera."

Anayankhula ngati akubwereka sefa ya ufa. Ine nthawi imeneyo ndinali ndisanakwanitse zaka makumi awiri. Sukulu ndinalekezera Sitandade 3 kwathu ku Chikweo, ndipo ndinali wamanyazi moti nkhuku ya eni ake ikalowa m'nyumba mwanga ndinkadikira kuti ituluke yokha. Mwanayo anali wanga woyamba, wamkazi, wa miyezi isanu ndi iwiri. Chakudya chake chinali bere ndi kaphala pang'ono. Sindinavomere, sindinakane. Ndinangoyang'ana pansi, ndipo ku Zikhomo kuyang'ana pansi kunali kuvomera.

Ndiyambe ndafotokoza za ku Zikhomo, chifukwa amene sanakhaleko sangamvetse kuti mwana amabwerekedwa bwanji.

Malowa ali kunja pang'ono kwa tauni ya Balaka, ukadutsa njanji. Akuluakulu amene tinawapeza ankati kale unali munda wa thonje. Dziko litalandira ufulu, kunabwera amuna ochokera kuboma, lija tinkalitchula kuti Kasupe lisanakhale Machinga. Ananyamula chingwe chachitali ndi zikhomo zamtengo zopaka utoto wofiira kumutu. Anayeza, anakhoma, n'kulengeza kuti pamenepo padzakhala malo amakono okhalamo anthu, a misewu yowongoka, mipope ndi magetsi. Kenako anakwera galimoto yawo, osaonekanso mpaka dzinja litadutsa kawiri.

M'zaka ziwirizo anthu anaona kuti zikhomozo zinali za mtengo wabwino. Amayi ena anasonkhezera moto. Abambo ena anazizula n'kukazikhoma pamene panali msipu, kuti azimangirirapo mbuzi. Amuna a chingwe aja atabwera ndi pepala lawo, anapeza zikhomo zochepa, chilichonse chili pamene mbuzi inachifunira. Kukauza abwana awo kuti ntchito yawonongeka kunali kovuta, choncho anagawa mapuloti motsata zikhomo mmene anazipezera. N'chifukwa chake ku Zikhomo kunalibe msewu wowongoka ngakhale umodzi, ndipo chimbudzi cha wina chinkayang'anizana ndi khomo la mnzake. Lamulo linatsala limodzi: pamene pali chikhomo, pomwepo ndi pamalire. Munthu akapita kumaliro kwawo kwa sabata, pobwera ankayamba waona chikhomo chake asanaone ana.

Dzina lenileni la malowa linali lachizungu, lalitali, lolembedwa pa chikwangwani kumsewu. Chiswe chinadya chikwangwanicho pamodzi ndi dzina lomwe, tonse n'kumangoti ku Zikhomo.

Nyumba zinali m'mizere itatu. Kumsewu kunali Layini Yoyamba, ya njerwa zootcha ndi malata, ya makalaliki, aphunzitsi ndi a Tcheya. Kumbuyo kwake kunali Layini Yachiwiri, ya zidina ndi malata akale otsinjiriza ndi miyala. Ife a nyumba zofolera udzu tinalibe nambala, tinkangotchedwa a Kuseri, ndipo papepala la boma sitinalipo. Bambo a mwana wanga ankanyamula mabelo a thonje kusiteshoni. Anamanga kanyumba kathu pamene Layini Yachiwiri inathera, ndipo chifukwa cha kukhota kwa mapuloti kuja, khomo lathu linali kumbuyo kwenikweni kwa bafa la a Tcheya.

Mitengo ya magetsi inadzalidwa ndithu, koma mawaya sanafike. Tinkamangapo zingwe zoyanikira zovala, ndipo mlendo akafunsa, a ku Layini Yoyamba ankati magetsi alipo, kwangotsala kuyatsa. Mpope unali umodzi, wotulutsa madzi m'mawa mokha. Ndowa za a Layini Yoyamba zinali ndi malo ake kutsogolo, ngakhale eni ake atadzuka dzuwa litakwera. Ife a Kuseri tinkatunga mpope utayamba kudontha ngati mphuno ya mwana wa chimfine. Chipani nachonso chinali chimodzi monga mpope, ndipo a Tcheya ndiwo anali wapampando wa nthambi yathu. Akazi awo ankatsogolera ife amayi.

Sindinganene kuti tinkadana. Pa Idi mbale za mpunga zinkadutsa mipanda osafunsa kuti uyu amapemphera kuti, ndipo pa Khirisimasi zinkabwerera njira yomweyo. Maliro akagwa tonse tinkakhala pansi, kungoti a Layini Yoyamba ankakhalira mphasa zobwereka kwa ife. Malo aja anamangika ndi kubwerekana kuposa simenti.

Sabata imeneyo kunabwera kalata yochokera ku Kasupe. Inati kukubwera alendo kudzayendera mabanja achitsanzo, kudzaona ukhondo wa m'nyumba ndi kaleredwe ka ana. Anasankha nyumba zitatu, zonse za Layini Yoyamba: ya aphunzitsi, ya akalaliki, ndi ya a Tcheya pomalizira.

Alendo otere sanali oyamba, ndipo tinali ndi kachitidwe kathu. Ku Zikhomo konse kunali nsalu ya patebulo imodzi yoluka maluwa, makapu a dongo loyera asanu ndi imodzi, ina mwa iwo yothyoka chogwirira, mipando iwiri ya makusheni, ndi wailesi ya a Tcheya yomwe inatha mabatire kalekale. Katundu ameneyu ankayamba walowa m'nyumba yoyamba. Alendo akamatulukira kutsogolo, iye ankatulukira kumbuyo n'kuthamangira kunyumba yachiwiri, kudzera m'kanjira ka kuseri kwa mipanda kamene tinkakatcha njanji. Kumsewu amayi ovala nsalu ya chipani ankawaimitsa alendowo ndi nyimbo. Nyimbo imodzi inkakwanira kusamutsa nyumba yonse. Chimene sichinkabwerekedwa ndi chithunzi cha pakhoma chokha. Chimenecho aliyense anali ndi chake, ngakhale ife amene sitinali papepala.

Ntchito yonyamula katundu panjanji anaipereka kwa ine, chifukwa ankati sindiyankhula. Pakona pa mpanda pankaima mnansi wanga wogulitsa zitumbuwa, mayi wa kwa Kawinga amene ndinkamutcha achemwali. Iwo akamasula duku n'kulimanganso, oimba ankadziwa kuti katundu sanafike, nyimbo ibwerezedwe.

Chimene chinavuta ulendo uno ndi mawu aja akuti kaleredwe ka ana. Ku Layini Yoyamba kuyamwitsa pagulu kunali kwachimidzi. Ana awo ankamwa mkaka wa m'chitini wa m'botolo, ndipo chitini chimodzi chinkatha mwezi wathunthu chifukwa cha kuchuluka kwa madzi. Mwana wotsiriza wa a Tcheya anali wamwamuna, msinkhu umodzi ndi wanga, koma miyendo yake inali ngati mapesi. M'mawa umenewo anamutumiza kwa azakhali ake kutsidya kwa njanji ya sitima kuti akachezeko. Wanga anali wonenepa, wa mapindi m'khosi ndi m'ntchafu, masaya ngati wabisa zitumbuwa mkamwa.

Ndisanamalize kumuveka thewera, nkhani inali itafika kale kwa akazi a aphunzitsi ndi akazi a akalaliki. Anabwera onse awiri kudzadandaula kuti si chilungamo nyumba imodzi kukhala ndi mwana wonenepa pamene makapu ndi nsalu timagawana. Anakangana pakhomo panga ine ndili chogwada, palibe amene anandifunsa. Pomaliza anagwirizana kuti mwana ayende ndi katundu, azingosinthidwa zovala. Kwa aphunzitsi avale chipewa chaubweya chofiira, kwa akalaliki afunditsidwe shawelo, kwa a Tcheya avale kamalaya koyera.

Achemwali anandinong'oneza ndikudutsa pakona. "Mng'ono wanga, katundu watsopanoyo umugwire bwino. Akathyoka khutu ngati kapu ija, tidzalowa m'mavuto tonse."

Alendo anafika awiri pagalimoto ya boma. Wina anali bwana wa suti yakuda, wonyamula buku lalikulu kukhwapa. Wina anali namwino wachikulire wa magalasi, woyenda pang'onopang'ono. Ine sindinalowe m'nyumba iliyonse. Ndinkaima kukhomo lakumbuyo, kumvetsera kudzera pachitseko, kudikira kuti andipatsire zinthu.

Kwa aphunzitsi zinayenda bwino. Bwana anayamikira nsalu, anayamikira wailesi, anamugwira mwana tsaya n'kulemba m'buku. Nyimbo itayamba kumsewu, ndinasenza wailesi ndi nsalu, makapu m'dengu, mwana kumsana, amayi awiri akunditsata ndi mipando. Achemwali anamasula duku kamodzi kokha.

Kwa akalaliki ndinamva anamwino akupempha kuona makapu. Anati n'zochititsa chidwi kuti makapu a ku Zikhomo amathyoka chogwirira malo amodzimodzi. Akazi a akalaliki anayankha kuti onse amagula kusitolo imodzi. Anamwino anati zikuoneka choncho.

Pofika kwa a Tcheya mwana anali atayamba kulira chapansipansi, akufunafuna pachifuwa panga. Ndinapempha kuti ndimuyamwitse pang'ono, koma amayi a Tcheya anati nthawi palibe, nyimbo yabwerezedwa kale kawiri ndipo oimba mawu ayamba kusasa. Anamuvula shawelo, anamuveka kamalaya koyera pamwamba pa thewera, n'kulowa naye.

A Tcheya analankhula nthawi yaitali. Anafotokoza mbiri ya malo athu, koma za mbuzi sanatchule. Kenako ananyamula mwana wanga m'mwamba n'kunena kuti mnyamata wawoyu akadzakula adzakhala msilikali. Ndinamva cholembera cha bwana chikukanda pepala. Anamwino anati ana a ku Zikhomo amafanana kwambiri, mpaka kachipsera ka katemera kali pamalo amodzi. Bwana anasangalala, nati umenewo ndiye umodzi umene boma likufuna.

Pamenepo bwana analengeza nkhani imene anabwera nayo. Ku Kasupe kukakhala chionetsero cha ana athanzi a boma lonse, ndipo mwa ana atatu amene waona, wa a Tcheya ndiye wapambana, ngakhale kuti enawo sanasiyane naye kwenikweni. Lole idzabwera Loweruka kudzatenga mwana ndi mayi wake, akakhala kumeneko masiku atatu. Chatsala n'kumuyeza pasikelo anthu onse akuona.

Amayi a Tcheya anatulukira kukhomo lakumbuyo, mwana ali m'manja. Ndinatambasula manja anga. Iwo anabwerera m'mbuyo pang'ono.

"Wamva wekha. Kuyambira lero agona kwa ine kuti andizolowere. Botolo ndili nalo."

"Amayi, munati ola limodzi."

Anandiyang'ana modabwa, ngati mpando wa makusheni wayankhula.

"Ukumbukire kuti nyumba yako siili papepala," anatero, n'kutseka chitseko.

Ndinaima pamenepo ndi dengu la makapu. Ndinawerenga pazala: Lachinayi, Lachisanu, kenako masiku atatu a ku Kasupe. Mwana amene anali asanagonepo popanda mkono wanga, amene botolo anali asanalionepo, akapita pa lole ndi mayi amene sankadziwa n'komwe kuti akalira chotani ndiye kuti akufuna chiyani. Ndinadziwanso kuti zimene ananena za pepala zinali zoona. Mawu amodzi a a Tcheya akanakwanira kuti denga lathu ligwetsedwe dzuwa lisanalowe.

Anthu onse anasonkhana pabwalo, pansi pa mtengo wa mango, dzuwa lili pamutu. A Layini Yoyamba anakhala kutsogolo. Mipando iwiri ija inafika ulendo wake wachinayi, alendo n'kukhalapo ngati akuiona koyamba. Ine ndinakhala kumbuyo kwenikweni, pafupi ndi achemwali. Mabere anali atalemera ngati miyala, chifukwa mwana anali asanayamwe chiyambire m'mawa.

Anamwino anapachika sikelo panthambi. Amayi a Tcheya anafuna kumuika mwana momwemo ndi zovala, koma anamwino anati iwo sayeza malaya, amayeza mwana. Anamutenga okha, anavula kamalaya, n'kumasula thewera.

Bwalo lonse linayang'ana pansi. Msilikali wa a Tcheya anali mtsikana.

Bwana anayang'ana mwana, anayang'ana m'buku, anayang'ana a Tcheya. A Tcheya anakonza tayi.

"Ana ndili nawo ambiri, bwana," anatero. "Nthawi zina ndimasokoneza."

Bwana anagwedeza mutu, nati nawonso zimawachitikira. Nkhani ikanathera pomwepo, koma thewera litachoka panaonekanso china. M'chiuno mwa mwana munali mkuzi, kaulusi kakuda ka mikanda itatu yoyera. Anamumanga ndi amayi anga ku Chikweo, tsiku limene tinamutulutsa m'chikuta. Kwathu mkuzi ndiwo unali sikelo: ukayamba kuthina, mwana akukula, ukayamba kukhwepa, fulumira. Amayi anga anamwalira mwana ali ndi miyezi itatu, ndipo mfundo imene anamanga ndi zala zawo inali ikadali momwemo. Ine ndinkangowonjezera ulusi kumbali ina.

Tsoka lake, mwezi wapitawo amayi a Tcheya anali atatilalikira pabwalo lomwelo kuti mikuzi ndi zachikale, zochititsa manyazi malo amakono a magetsi ngati athu. Amayi onse ankakumbukira. Anamwino anagwira mikanda ija ndi chala n'kufunsa mofatsa ngati ndi iwo anamanga.

Amayi a Tcheya anati iyayi, ndi mtsikana wolera mwana anamanga iwo osadziwa, anthu a kumudzi ndi osamva. Anaitanitsa lumo kuti audule pomwepo anthu onse atengerepo phunziro. Akazi a akalaliki anathamanga kukatenga.

Mwana anali akulira tsopano kulira kwenikweni, kofiira nako nkhope, manja ali m'mwamba. Ndinamva kutentha pachifuwa. Nditayang'ana, bulauzi yanga inali itanyowa mbali zonse ziwiri, mkaka ukutsikira pachitenje. Achemwali anaona. Anangochotsa dengu la makapu pamiyendo panga n'kuliika pa yawo.

Sindikumbukira kuimirira. Ndikukumbukira kuti ndinadutsa pakati pa a Layini Yachiwiri, ndinadutsa pakati pa a Layini Yoyamba osawerama n'komwe, ndipo ndinaponda chitenje cha akazi a aphunzitsi. Pamene ndinkafika kutsogolo, lumo linali kale m'manja mwa amayi a Tcheya. Ndinagwada.

"Musadule. Anamanga ndi amayi anga."

Mawu anatuluka aang'ono ngati a mwanapiye. Anamwino anatsitsa magalasi.

"Inu ndinu ndani, mayi?"

Palibe amene anali atanditchulapo kuti mayi chifikire ku Zikhomo.

"Ndine make."

"Makutu anga ndi okalamba. Nenaninso."

"Ndine make wa mwanayu," ndinatero, ndipo ulendo uno anamva mpaka a Kuseri.

Anamwino sanafunse wina aliyense. Anamunyamula mwana n'kundipatsa. Ndinakhala pansi pomwepo, pamaso pa bwana wa suti, n'kumupatsa bere. Kulira kunaduka nthawi yomweyo. Pabwalo ponse panangomveka kumeza kwa mwana wanga, ndipo ankameza mwaphokoso, mopanda ulemu.

Ndinadikira kuti denga langa ligwe. Koma vuto linali litasamukira kwa bwana. Anatsegula buku n'kufotokoza, thukuta likutsika, kuti walemba kale ndi inki kuti mwana wopambana ndi wa Layini Yoyamba, wa papuloti ya a Tcheya, ndipo walembanso kuti umenewu ndi umboni woti nyumba zamakono zimanenepetsa ana. Masamba a bukulo anali ndi manambala, kung'amba sikukanatheka. Kufufuta nako kukanabweretsa mafunso kuboma, ndipo masiku amenewo munthu sankafuna kufunsidwa mafunso. Anafunsa kuti mayiyu amakhala kuti. Kunena kuti Kuseri kunali kuvomera kuti ku Zikhomo kuli nyumba zimene kulibe.

A Tcheya anapempha kuti apite kaye kuseri akadzithandize. Anapita mofulumira, ndipo patapita kanthawi tinamva kugogoda kwa mwala pamtengo. Achemwali anandiuza pambuyo pake kuti anamasula duku mwachizolowezi, ndipo amayi a nsalu ya chipani atangoona anayambitsa nyimbo. Nyimboyo inabwerezedwa kamodzi. A Tcheya anabwera mawondo a buluku ali ndi dothi, n'kunena kuti palibe cholakwika m'buku. Mayiyu amakhala papuloti yawo, ndi munthu wa pakhomo pawo, ndipo mwana wa pakhomo pawo ndi mwana wawo. Alendo akafuna apite akaone okha.

Tinapita tonse, bwalo lathunthu, kudutsa panjanji. Chikhomo cha a Tcheya, chimene chinkakhala pakona pa bafa lawo chifikire ine, chinali chitaima kumbuyo kwa kanyumba kathu, pafupi ndi khola la nkhuku. Dothi lozungulira linali lofiira, lachinyontho, ndipo mwala wokhomera unali pomwepo. Pakona pa bafa panali dzenje, ndipo amayi a Tcheya anakaimapo n'kulitseka ndi phazi.

Bwana anachizungulira chikhomocho, anachigwedeza ndi nsapato, n'kufunsa ngati pamene pali chikhomo ndi pamalire. Anthu onse anavomera pamodzi, chifukwa limenelo ndi lamulo lokhalo limene tonse tinkalidziwa. Bwana anapumira m'mwamba, nati ndiye kuti buku silinaname. Za denga la udzu anati n'zoonekeratu kuti malata ali m'njira, monga magetsi. Za mnyamata ndi mtsikana anati ndi nkhani yaing'ono, kuboma sakavula mwana thewera. Ku Kasupe apite mwana ndi amene amamuyamwitsa, amayi a Tcheya akhale owaperekeza.

Anamwino anamuyeza mwana ali ndi mkuzi wake. Analemba pakhadi la sikelo n'kundipatsa m'manja mwanga, osadzera kwa wina. Pokwera galimoto anauza akazi a akalaliki kuti ulendo wina kapu yothyoka ija aziibisa kumbuyo kwa zinzake.

Bambo a mwana atabwera kuchokera kusiteshoni madzulo, anaima nthawi yaitali akuyang'ana chikhomo. Anafunsa ngati a Tcheya atilanda malo kapena atipatsa. Ndinati sindikudziwa. Zinapezeka kuti zonse ziwiri. Puloti ya a Tcheya inakula ndi nyumba imodzi ndi khola la nkhuku, koma kutithamangitsa sakanatha, chifukwa buku linkati mwana wonenepa amakhala pamenepo, ndipo alendo akanatha kubwera tsiku lililonse kudzamufunsa. Tinakhalapo zaka zambiri. Lole ya Loweruka sinabwere n'komwe. Tinamva kuti inatengedwa kukanyamula amayi ovina kwina. Amayi a Tcheya anadikira kumsewu ndi sutikesi mpaka masana.

Koma zimenezo ndi za m'tsogolo. M'mawa wa Lachisanu ndinadzuka, ndinachapa kamalaya koyera kaja n'kukayanika pa mtengo wa magetsi. Ndinabereka mwana ndi zitenje ziwiri, mfundo zonse ndinamangira kutsogolo. Ndinatenga ndowa yanga, ndipo podutsa pakhomo pa achemwali ndinatenganso yawo.

Kumpope mzere unali utatalika kale. A Kuseri anandisiyira malo anga akale kumapeto. Ndinaima pamenepo pang'ono. Kenako ndinayenda, maso ali pansi, kudutsa ndowa za Kuseri, kudutsa za Layini Yachiwiri, mpaka ndinafika pamene panali ndowa ya amayi a Tcheya. Ndinaika zanga ziwiri kumbuyo kwake.

Amayi a Tcheya anatsokomola. Ndinawapatsa moni mwaulemu, ndinafunsa mmene mnyamata wawo wadzukira. Iwo atatunga, ndinatchera ndowa ya achemwali, kenako yanga, madzi akadali ndi mphamvu. Ndinali ndisanaonepo ndowa ikudzaza msanga chotero, moti yoyamba inasefukira n'kundinyowetsa mapazi ndisanatseke mpope.